Wokonza kompyuta ali ku Lilongwe, inu muli ku Nyambadwe

Kompyuta ya pachipatala ku Nyambadwe ikavuta, masiku ano katswiri sachita kubwera. Amalowa m'kompyutayo kudzera pa intaneti ali ku Lilongwe, n'kumaigwiritsa ntchito ngati wakhala pampando wanu. Mapulogalamu otchuka a ntchitoyi ndi AnyDesk ndi TeamViewer, onse a ku Germany, komanso Chrome Remote Desktop ya Google.

Musanasankhe, kumbukirani zomwe zili m'kompyutamo: mayina a odwala, zotsatira za magazi, zakusikelo za ana. Wolowayo amaona chilichonse chomwe inu mukuona, ndipo lamulo la Data Protection Act la 2024 likuti nkhani zaumoyo wa munthu zisamalidwe mwapadera.

Ine ndimalangiza pulogalamu yoti munthu asalowe inu musanalole. AnyDesk imakufunsani kaye kuti muvomere, pomwe Chrome imapereka nambala yogwira kamodzi kokha. Zonse zitatu zilinso ndi njira yoti katswiri azilowa inu kulibe. Imeneyo musaitsegule, ngakhale anene kuti imapeputsa ntchito. Akamakonza khalani pomwepo, akamaliza mudule.

Dziwaninso kuti AnyDesk ndi TeamViewer zaulere n'zapakhomo. Chipatala chiyenera kulipira.

Inu makolo, wina akakuimbirani kuti ndi wakubanki, muike AnyDesk pafoni kuti akuthandizeni, dulani foniyo. Akufuna aone PIN yanu mukamailemba.