Tisanagule zipangizo za kompyuta yosewerera

Tsiku lina madzulo, titatha phunziro lathu la kuwerenga, mayi wina anatsalira m'kalasi. Anamasula nsonga ya chitenje chake natulutsa kapepala kopindapinda.

"Aphunzitsi," anatero mayiwo, "mwana wanga walemba izi. Akuti akufuna kulumikiza yekha kompyuta yosewerera. Ndalama anasunga pothandiza kukumba mbatatesi nyengo ziwiri, ndipo ine ndinalonjeza kuonjezerapo. Zilembozi tsopano ndikutha kuziwerenga, koma zomwe zikunena sindikuzimva."

Tinakhala pansi ndi kuwerenga limodzi. Mzere woyamba unali Ryzen 5 5600. Wachiwiri unali B550. Wachitatu unali RAM DDR5 16 GB. Wachinayi unali SSD. Pa mzere wachisanu mnyamatayo analemba kuti: fonte, iliyonse yotsika mtengo. Ndipo m'munsi mwenimweni anaonjezera mawu awa: khadi la zithunzi ndidzagula chaka chamawa.

Mnyamatayo anayesetsa ndithu. Koma pakapepalapo panali zolakwika zitatu. Akanagula zonse monga analembera, kompyutayo sikanayaka n'komwe, ndipo ndalama ya nyengo ziwiri ikanakhala m'bokosi losagwira ntchito. Tinaona kuti nkhaniyi ingathandize anzathu ambiri, chifukwa achinyamata ofuna zimenezi akuchuluka, ndipo amene amatulutsa ndalama ndinu amayi ndi abambo.

Tiyambe ndi njinga, chifukwa tonse timaidziwa. Munthu angathe kugula njinga yathunthu. Angathenso kugula felemu, marimu, matayala ndi tcheni paderapadera, n'kulumikiza yekha. Koma tayala la 28 silikwana pa rimu ya 26, ngakhale likhale latsopano ndi lolimba chotani. Kompyuta ili chimodzimodzi. Chipangizo chilichonse chili ndi saizi yake ndi mtundu wake. Funso loyamba si lakuti, "Kodi ichi ndi chabwino?" Funso loyamba ndi lakuti, "Kodi ichi chikugwirizana ndi chinzake?"

Purosesa ndi bolodi lake

Purosesa ndi kachipangizo kakang'ono, kokwana m'chikhatho. Ndiko kamachita masamu onse a kompyuta. Makampani awiri ndiwo amapanga mapurosesa a makompyuta otere: AMD ndi Intel. Ryzen 5 5600 ndi ya AMD, inatuluka mu 2022.

Purosesa imakhala pa bolodi lalikulu, limene kusitolo amati placa-mãe kapena motherboard. Zipangizo zonse zimalumikizidwa pa bolodi limeneli. Malo okhalapo purosesa amatchedwa soketi, ndipo soketi iliyonse ili ndi dzina. AMD ili ndi soketi ya AM4, imene inayamba mu 2016, ndi ya AM5, imene inayamba mu 2022. Intel ili ndi soketi zake, monga LGA1700 ya mu 2021. Purosesa ya AM4 silowa mu AM5. Ya Intel silowa mu soketi ya AMD. Mukakakamiza, mupinda timano take tating'onoting'ono, ndipo wogulitsa savomera kubweza katundu wopindika.

Pamenepa mnyamata uja sanalakwe. Ryzen 5 5600 ndi ya AM4, ndipo bolodi la B550 ndi la AM4. Tinangomulangiza kufunsa wogulitsa ngati bolodilo lili ndi BIOS yatsopano. BIOS ndi kapulogalamu kamene kamadzutsa bolodi. Mabolodi ena anapangidwa purosesayi isanatuluke, choncho sayizindikira mpaka BIOS itaikidwa yatsopano.

Nkhokwe ndi lichero

Cholakwika choyamba chinali pa mzere wachitatu.

Chimanga chathu timasunga m'nkhokwe. Koma popeta sitinyamula nkhokwe yonse. Timatapa pang'ono n'kuika m'lichero. Mu kompyuta, nkhokwe ndiyo SSD: masewera amakhala mmenemo ngakhale magetsi atazima. Lichero ndilo RAM: mumakhala zokhazo zimene kompyuta ikugwiritsa ntchito nthawi yomweyo, ndipo mukazimitsa, lichero limakhala lopanda kanthu. Lichero likachepa, kompyuta imangothamangira kunkhokwe kawirikawiri, ndipo sewero limadukizaduka.

RAM ili ndi mibadwo. Iwiri imene mungaipeze m'masitolo ndi DDR4 ndi DDR5. Poyang'ana imafanana kwambiri. Koma kampata kamene kali m'munsi mwa kamtengo ka RAM kali pa malo osiyana, kotero DDR5 silowa pa malo a DDR4. Mabolodi a AM4 amalandira DDR4. Mabolodi a AM5 amalandira DDR5 yokha. Pa LGA1700 m'pofunika kusamala koposa, chifukwa mabolodi ena ndi a DDR4 pomwe ena ndi a DDR5, ndipo muyenera kuwerenga pabokosi lake. Mnyamata uja anamva kuti DDR5 ndiyo yatsopano, n'kuilemba. Anali atagula tayala la 28 pa rimu ya 26.

Tinafafaniza 5 n'kulemba 4. Kuchuluka kwake, 16 GB, tinakusiya, chifukwa n'kokwanira pa kompyuta yoyamba. Koma tinaonjezera kuti agule timitengo tiwiri ta 8 GB, osati kamodzi ka 16 GB. Timitengo tiwiri timagwira ntchito nthawi imodzi, monga anthu awiri osinja mumtondo umodzi. Dziwaninso kuti mitengo ya RAM inakwera kwambiri kumapeto kwa 2025. Musadalire mtengo umene mnzanu anagulira kale. Funsani wa tsiku lomwelo.

Za nkhokwe sitichulutsa mawu. Gulani SSD, osati disiki yakale yozungulira ija, imene imachedwa. Ya 500 GB ingayambitse ntchito, koma masewera ena akuluakulu amadya oposa 100 GB lililonse. Ngati ndalama ilipo, tengani ya 1 TB, imene ndi 1000 GB.

Chimene chimajambula zithunzi

Cholakwika chachiwiri ndicho chinali chachikulu.

Sewero la pakompyuta si kanema wojambulidwa kale. Chithunzi chilichonse chimajambulidwa nthawi yomweyo, malinga ndi zimene wosewera wachita. Kuti mpira uyende bwino pa sikirini, pamafunika zithunzi ngati 60 pa sekondi imodzi. Ntchito yolemetsa imeneyi ndi ya khadi la zithunzi, limene kusitolo amati placa gráfica. Pa kompyuta yosewerera, khadi limeneli ndilo liyenera kudya ndalama zambiri kuposa chipangizo china chilichonse. Ife timalangiza kuti lidye gawo limodzi mwa magawo atatu a ndalama yonse, kapena kupitirira pang'ono. Achinyamata ambiri amachita zosiyana: amagula purosesa yodula chifukwa dzina lake ndi lotchuka, n'kutsala ndi ndalama yochepa ya khadi. Kumeneko kuli ngati kugula ngolo yatsopano ng'ombe zokoka zili zoonda.

Mnyamata uja anati khadi adzagula chaka chamawa. Apa ndi pamene chilembo chimodzi chimasintha zonse. Mapurosesa ena ali ndi kojambulira zithunzi kakang'ono m'kati mwake, ena alibe. Ryzen 5 5600 ilibe. Popanda khadi, sikirini imakhala yakuda bii, simuona ngakhale chilembo chimodzi. Koma Ryzen 5 5600G, yokhala ndi G kumapeto, ili nako. Kwa Intel chilembo choyang'ana ndi F: purosesa yothera ndi F, monga Core i3-12100F kapena Core i5-12400F, ilibe kojambulira, imafuna khadi.

Onani, anzathu. G ndi F ndi zilembo zomwe tinaphunzira pa bolodi lakuda masabata oyamba aja.

Choncho njira zilipo ziwiri. Amene ndalama yake ndi yochepa atenge 5600G. Kompyuta idzayaka lero lomwe, ndipo masewera opepukirapo monga eFootball ndi Fortnite adzayenda akatsitsa ubwino wa zithunzi. Khadi adzaonjezera akadzakolola. Amene ndalama yake ikukwana atenge 5600 pamodzi ndi khadi tsiku lomwelo. Khadi monga Radeon RX 6600, la mu 2021, lokhala ndi 8 GB yakeyake, limayendetsa bwino masewera ambiri pa sikirini wamba ya 1080p. Ife sitilangiza khadi lokhala ndi 4 GB yokha, chifukwa masewera atsopano amalipitirira msanga.

Makhadi ogwirako kale ntchito amatsika mtengo, ndipo si onse oipa. Koma ambiri, makamaka RX 580 la mu 2017, anagwiritsidwa ntchito usana ndi usiku osapuma pa malonda a ndalama za pa intaneti, ndipo anathiridwa pamsika ambirimbiri mu 2022. Mbuzi sitigula tisanaione ikuyenda. Uzani wogulitsa aike khadilo mu kompyuta, sewero liyende mphindi 20 kapena 30 inu mukuona. Mafani ake azizungulira onse. Pa sikirini pasaoneke timizere kapena timadontho tachilendo. Akakana kuyesa, nyamukani.

Pali msampha wina wa katundu wakale. Makompyuta otsika mtengo ochokera m'maofesi nthawi zambiri amakhala ndi mapurosesa okalamba. Kampani ya Microsoft inasiya kusamalira Windows 10 pa 14 Okutobala 2025, ndipo Windows 11 salandira mapurosesa ambiri akale, monga a Intel a m'badwo wa 7 kubwerera m'mbuyo ndi Ryzen oyamba a mu 2017.

Magetsi

Cholakwika chachitatu chinali mawu aja akuti "iliyonse yotsika mtengo".

Fonte ndi kabokosi kamene kamalandira magetsi a pakhoma, a mavolti 220, n'kuwasandutsa magetsi ochepa mphamvu amene zipangizo zimafuna. Sikaoneka, sikafulumizitsa sewero, choncho aliyense amafuna kusungira ndalama pamenepo. Ife tikuti ayi. RAM ikafa imafa yokha. Koma fonte yachabechabe ikapsa ingathe kupha bolodi ndi khadi nthawi imodzi. Mafonte ena opanda dzina amalembedwa mawati ambiri pachikuto pomwe mphamvu yake yeniyeni ndi yochepa. Sankhani ya kampani yodziwika, yokhala ndi chizindikiro cha 80 Plus ndi chikalata cha garanti. Onaninso kuti ili ndi chingwe cholowa m'khadi lanu. RX 6600 imafuna chingwe cha mabowo 8.

Tiyeni tiwerengere. Ryzen 5 5600 inalembedwa mawati 65. RX 6600 inalembedwa mawati 132. Kuphatikiza ndi 197. Tikaonjezera bolodi, RAM, SSD ndi mafani, sitifika pa 300. Fonte yabwino ya mawati 550 ndi yokwana, malo n'kutsala.

Masamu omwewa akutiuzanso kanthu kena kamene mnyamata uja sanakaganizire. Kasola kakang'ono kounikira nyumba ndi kutchajira foni sikangayendetse kompyuta yotere. Imafuna magetsi a mawaya, ndipo mita idzadya mayunitsi ambiri kuposa kale. Banja likambirane amene azilipira asanagule chipangizo choyamba. Kumene magetsi amazimazima kapena kubwera ndi mphamvu yopitirira, gulaninso kachipangizo koteteza kolumikiza pakhoma, ndipo kukamachita ziphaliwali zulani pulagi.

Bokosi loikamo zonse ndi pamene mungasunge ndalama. Magalasi ndi nyali zamitundumitundu sizithandiza sewero. Chofunika n'chakuti bolodi ndi khadi zikwanemo, ndiponso mphepo izilowa kutsogolo n'kutulukira kumbuyo. Kwa anzathu a kuchigwa cha Zambezi, monga mumzinda wa Tete, kumene kutentha kumapitirira madigiri 40 m'miyezi ya Okutobala ndi Novembala, ili si phunziro laling'ono. Fumbi likatseka mafani, kompyuta imatentha, imachedwa, kenaka imadzizimitsa. Bokosi likhale patebulo, osati pansi, ndipo muzichotsa fumbi kawirikawiri mutazula pulagi.

Musaiwale kuti sikirini, kiyibodi ndi mausi nazonso ndi ndalama. Pakapepala kaja sizinalembedwe. Wailesi yakanema yokhala ndi bowo la HDMI ingagwire ntchito ya sikirini poyamba.

Sabata yotsatira mayi aja anabweranso, mnyamata wawo ali pambuyo, wamanyazi pang'ono. Anali atawerengera ndalama limodzi kunyumba, n'kupeza kuti ya khadi sikukwana. Mayiwo anaima nawerenga okha kapepala katsopano, pang'onopang'ono: Ryzen 5 5600G. Bolodi B550. RAM DDR4, timitengo tiwiri ta 8 GB. SSD 500 GB. Fonte 550, ya 80 Plus. Pa G anaimapo, natiyang'ana, n'kubwereza chilembocho mokweza.

Mnyamatayo tinamuuza chinthu chimodzi choti asunge mpaka chaka chamawa. Tsiku limene adzaike khadi, achotse chingwe cha sikirini pa bowo la bolodi n'kuchilowetsa pa bowo la khadilo, limene limakhala m'munsi kumbuyo kwa bokosi. Akachisiya pa bolodi, khadi limene analigula movutikira lidzangokhala osagwira ntchito.

Ntchito ya m'kalasi

Lembani m'makope mwanu maina atatu awa: Ryzen 5 5600, Ryzen 5 5600G, Core i3-12100F. Chongani dzina la purosesa imene ingaonetse chithunzi popanda khadi.

Kompyuta ikudya mawati 300. Mwana akusewera maola 3 pa tsiku, masiku 30. Yuniti imodzi ya pamita ndi mawati 1000 kwa ola limodzi. Kodi pa mwezi apita mayunitsi angati?