Mwana wanu akonda ndeke za nkhondo? Mutengeni akazione, koma mumuuzenso za Chikumbi

Ndeke ikangolira kumwamba, ana a mu komboni asiya mpira, onse maso m'mwamba. Madzulo abwereka foni yanu, ati afuna magemu, ndipo mu gemu ndeke ya nkhondo ni chidole chabe: uponya bomba, upeza mapointi, uyambanso. Holide ikubwerayi, mpatseni mwana mwayi woimirira pansi pa phiko lenileni, aone kukula kwake, afunse kuti chitsulo chimenechi chinachita chiyani kwa anthu.

Kuno kwathu, kuyambira ku Madzimoyo mpaka m'tauni mwa Chipata, kulibe myuziyamu ya ndeke. Koma ngati ndinu mmodzi wa aja okwera basi kukaoda katundu ku Zimbabwe, lembani dzina ili: Zimbabwe Military Museum, mumzinda wa Gweru, makilomita pafupifupi 275 kuchokera ku Harare panjira ya ku Bulawayo. Ni malo aang'ono, oti mwana angazungulire osatopa. Kumeneko mudzapeza Spitfire, mtundu wa ndeke umene unatchuka pa Nkhondo Yachiwiri ya Dziko Lonse ya 1939 mpaka 1945, komanso majeti akale monga Vampire, Hawker Hunter ndi Canberra.

Maina awiri omalizawo muwasunge bwino, chifukwa akhudza ife. Pa 19 October 1978, ma Canberra ndi ma Hunter a boma la Rhodesia analowa m'Zambia n'kuphulitsa msasa wa ZAPU wa Freedom Camp ku Chikumbi, kumpoto kwa Lusaka. Mtsogoleri wa ndekezo, amene anadzitcha Green Leader, anauza a pa tawa ya bwalo la ndeke la Lusaka kuti ndeke za Zambia Air Force zisayerekeze kunyamuka. Anthu mazanamazana anafa tsiku limenelo. Mwana akayamba kuyamikira kuti "adadi, iyi ni yabwino maningi", muvomereze kuti inapangidwa mwaluso, kenako mumuuze komwe mtundu umenewu unaponya mabomba. Mwana wa giredi 5 atha kumva zonse ziwiri.

Ulendo wa ku Gweru ni wodula, tisanamizane. Kuchokera ku Chipata kufika ku Lusaka kokha ni makilomita opitirira 550, ndiye muwonjezere Chirundu, Harare, ndi pasipoti ya mwana. Ngati thumba silikulola, mkati mwa Zambia muli malo ena. Pafupi ndi Ndola pali chikumbutso cha Dag Hammarskjöld, mlembi wamkulu wa United Nations, amene ndeke yake ya DC-6 inagwa pa 18 September 1961 akupita kukakambirana zothetsa nkhondo ya ku Katanga. Anthu onse 16 amene anali m'ndekemo anafa, ndipo pamalopo pali kamyuziyamu kofotokoza nkhaniyo.

Olo simunyamuka, phunziro mungaliyambire pakhomo. Mufunseni mwana: dzina lakuti Gondar Barracks, kuno ku Chipata, linachokera kuti? Gondar ni mzinda wa ku Ethiopia kumene asilikali a Italy anagonja mu November 1941. Tug Argan Barracks ya ku Ndola yatenga dzina la malo a ku Somaliland kumene Northern Rhodesia Regiment inamenya nkhondo mu August 1940. Burma Road ndi Arakan Barracks ku Lusaka zikumbutsa anyamata a dziko lino amene anakamenya nkhondo ku Burma. Koma chenjerani, osapita kukajambula zithunzi pa geti ya asilikali. Zimenezo zingakugonetseni m'selo.

Kenako mupite naye kwa agogo. Munthu amene anali ndi zaka 15 mu 1978 manje adutsa zaka 60, ndipo ambiri akumbukira mantha a masiku aja. Tsegulani rekoda pa foni, mwana afunse yekha. Agogo akapita, nkhani imeneyo simudzaigula pa shopu iliyonse.

Ana aphunzira ndi manja, ndiye musadalire kulankhula kokha. Tengani kapepala kakatali, mwana akagwire pansi pa mlomo, apuzire mpweya pamwamba pake. Pepala lidzanyamuka lokha, ndipo apo mwapeza poyambira kufotokoza mmene mphepo yodutsa pa phiko imakwezera ndeke yolemera matani. Mwana amene apanga galimoto ya waya angapangenso Spitfire ya waya, mapiko a katoni ndi mawilo a zitsekero za mabotolo.

Mukafika ku myuziyamu, pitani m'mawa ana asanamve njala, ndipo nyamulani madzi ndi kachakudya. Funsani wolondolera alendo kuti n'ziti zimene mwana angagwire kapena kukwera, chifukwa ndeke zina zapitirira zaka 70 ndipo chitsulo chake sichifuna kudumphirapo. Mpatseni mwana buku ndi pensulo ajambule ndeke imodzi imene waikonda, alembe dzina lake ndi chaka. Pobwerera mu basi, mufunseni mafunso awiri: ndeke imeneyi iuluka bwanji, nanga anthu amene anali pansi anamva bwanji itafika?