Mwendo wadulidwa, nanga kuyendanso?

Ku Senga Bay, Lifuwu ndi Chipoka m'boma la Salima, mwendo ndiwo chuma. Msodzi amakankha nawo bwato, mayi amatsikira nawo kudooko kukapikula usipa. Ukadulidwa kaamba ka ng'ona, ngozi ya kabaza kapena chilonda cha matenda a shuga, banja lonse limagwira njakata.

Komatu kupola kwa bala ndi chiyambi chabe. Ntchito yaikulu ndi yophunziranso kuima ndi kuyenda, ndipo imayamba munthu akadali gone m'chipatala.

Madokotala a mafizo amaphunzitsa wodwala kumanga chitsa cha mwendo ndi bandeji kuti chisatupe ndipo chiumbike bwino. Amaletsa kuika pilo pansi pa bondo, ndipo amalangiza kugona chafufumimba kwa kanthawi tsiku lililonse. Chifukwa chake n'chakuti bondo kapena chiuno chikazolowera kupindika chimauma momwemo, ndiye mwendo wochita kupanga sungagwirenso ntchito. Apa m'pomwe achibale ambiri amalakwitsa. Pomva chisoni amamusiya munthu pampando tsiku lonse, kumuchitira chilichonse, osadziwa kuti akumulemaza kawiri.

Chinanso n'kudzandira. Ubongo umachedwa kuvomereza kuti mwendo palibe, moti ena amamva kuwawa kapena kuyabwa chala chomwe chidapita kale. Si ufiti ayi, n'zodziwika kuchipatala. Koma munthu akadzidzimuka usiku n'kufuna kuponda ndi mwendowo amagwa, nthawi zina mpaka bala kutseguka. N'chifukwa chake amayamba wagwira zitsulo ziwiri zoyendamo, kenaka ndodo za m'khwapa, mtunda n'kumaonjezera pang'onopang'ono. Amene bondo lidatsala amaphunzira msanga kusiyana ndi wodulidwa m'ntchafu, yemwe amataya mphamvu zambiri poyenda.

Kunyanja kuli zakezake. Pansi pa chipatala m'posalala, pamene kwawo ndi mchenga womwe ndodo zimatitimira. Kutentha kwa mu Okutobala kumachititsa thukuta m'kati mwa mwendo wovala, ndipo kamchenga kakalowamo kamatupula khungu. Chitsa chimafunika kutsuka, kuumitsa ndi kuchiyang'ana madzulo aliwonse. Wa shuga asaiwale kuyang'ananso phazi lotsalalo. Za kuima m'bwato pamafunde, imeneyo ndi sukulu inanso.

Miyendo yotere amapanga ku Lilongwe, mtunda wa makilomita pafupifupi 100 kuchoka pa Salima. Malo opangira miyendo pachipatala cha Kamuzu Central adayamba ntchito m'chaka cha 2009 ndi thandizo la bungwe la 500 Miles la ku Scotland, lomwe lidatsegulanso ena ku Mzuzu mu 2012. Mwini maganizowo, Olivia Giles, yemwe kale ankagwira ntchito ya uloya, adadulidwa manja ndi miyendo yomwe mu 2002 atadwala nthenda youmitsa khosi. Ku Blantyre, chipatala cha Queen Elizabeth chidayamba kale ntchitoyi.

Vuto n'lakuti si ulendo umodzi. Pali kukayezetsa, kukayesa, n'kukhalako masiku angapo kuphunzira kuuyendera. Pakapita miyezi chitsa chimafwapa, mwendo n'kuyamba kukhwepa, ndiye pamafunika kubwereranso. Mwana yemwe akukula amasinthitsa pafupipafupi ngati nsapato. Kwa banja lomwe msodzi wake wasiya kupita panyanja, ndalama ya minibasi ya anthu awiri, wodwala ndi womuperekeza, ndiyo imasowa, ndipo miyendo ina imathera kuseri kwa chitseko itangoyamba kuluma.