Chimbale cha bandi chimayambira pa ng'oma

Ntchito yanga ndi yojambula nyimbo, ndipo kasitudiyo kanga kali kuno ku Chambe. Anthu amakonda kundifunsa kuti bwanji atsikana oimba ali mbwee koma chimbale cha bandi ya akazi okhaokha sichimveka. Ena amadziyankha okha kuti zida n'za amuna. Amenewo sanadutsepo usiku pafupi ndi nyumba ya chinamwali cha atsikana n'kumva mmene amayi amaswera ng'oma. Vuto lili pa kapangidwe ka chimbalecho.

Nyimbo zambiri za pawailesi masiku ano zimapangidwa ndi anthu awiri, woimba ndi ife a pakompyuta. Ndikonza biti, iye aimba, mawa nyimbo ili pa WhatsApp. Bandi siyenda choncho. Timayamba ndi ng'oma ndi besi, mawu amabwera kumapeto kwenikweni. Woimba ng'oma amavala mahedifoni momwe mumagogoda kaphokoso kosunga liwiro, ndipo ng'oma zakezo ndimazizunguliza ndi maikolofoni angapo. M'ng'oma yaikulu yoponda ndi phazi ndimapindiramo bulangete kuti isamalire ngati mgolo wopanda madzi. Chala cha wa besi chizigwera pamodzi ndi phazi limenelo. Akasemphana pang'ono, womvera sadziwa chalakwika, amangoona kuti thupi likukana kuvina. Gitala timamujambula kawiri, wina kumuika khutu lamanzere wina lamanja, n'chifukwa chake nyimbo za pop rock zimamveka zotambalala chonsecho oimba ndi anayi kapena asanu.

Mvetserani "We Got the Beat" ya The Go-Go's a ku Los Angeles. Imayamba ndi ng'oma za Gina Schock, enawo akulowa pambuyo. Chimbale chawo cha 1981, Beauty and the Beat, chinakhala pa nambala 1 ku America masabata 6 mu 1982, koyamba kuti bandi ya akazi yodzipekera nyimbo ndi kudziimbira zida ifike pamenepo.

Kugwirizana kotere sikugulidwa m'situdiyo. Kumafuna miyezi yoyeserera m'chipinda chokhala ndi zida ndi magetsi. Kuno zida zimakhala za mpingo kapena za munthu wobwereketsa pa maukwati. Mapemphero akatha, mnyamata amatsalira akuseweretsa kiyibodi mpaka mdima, pamene mlongo wake waitanidwa kale kukatereka ndiwo. Mtsikanayo malo ake ndi kwaya, kutsogolo, ndi mawu okha. Ndiye tidabwe kuti woimba besi wamkazi akusowa? Waya wa gitala akaduka, wina akwere minibasi mpaka ku Limbe, ndipo mtsikana wopempha ulendo umenewo amafunsidwa mafunso amene mchimwene wake safunsidwa.

Zida zikapezeka, oimba amapezekanso. Ku Lilongwe, bungwe la Music Crossroads Malawi linapatsa atsikana zida, aphunzitsi ndi chipinda choyeserera, ndipo kumeneko kunatuluka Daughters Band, akazi okhaokha kuyambira pa ng'oma mpaka pa maikolofoni. Komabe kuimba pa siteji ndi kukhala ndi chimbale n'zosiyana. Les Amazones de Guinée, bandi ya akazi a chitetezo ku Guinea, inayamba mu 1961, koma chimbale choyamba inakajambula ku Paris patatha zaka zoposa 20, ndipo chachiwiri, Wamato, chinatuluka mu 2008. Luso anali nalo nthawi yonseyo. Kujambula anthu ambiri pamodzi kumadya masiku, ndipo tsiku lililonse m'situdiyo ndi ndalama.

Pali china chimene mabandi amachizindikira mochedwa: nthawi zina mwini nyimbo si amene mumamumva akuimba. "Manic Monday", imene inatchukitsa bandi ya akazi ya The Bangles mu 1986, anapeka ndi Prince, ndipo pachimbale anadzilemba dzina loti Christopher. Gawo la ndalama la wopeka limapita kwa wopekayo, ngakhale mawu ali a wina. Kwathu kuno ndalama za nyimbo zoulutsidwa zimatoleredwa ndi COSOMA, ndipo imagawa potsata maina amene analembetsedwa. Mtsikana wa besi amene anabweretsa kayimbidwe konyamula nyimbo yonse, dzina lake likapanda kulembedwa, sadzaona kanthu. Zoterezi ndi zimene zimamwaza bandi msanga kuposa ukwati kapena mimba zimene anthu amakonda kunamizira.

Choncho bandi ikabwera kwa ine, ndisanalumikize waya ndi mmodzi yemwe, ndimatulutsa pepala. Pa nyimbo iliyonse tilemba amene anapeka mawu, amene anapeka kayimbidwe ndi gawo la aliyense, onse asainire. Kenako ndimapempha wa ng'oma ndi wa besi kuti aimbe awiriwiri nyimbo yonse, opanda woimba. Akafika kumapeto osatayana, timapangana tsiku lojambula. Akatayana, abwerere akayeserere, ndalama yawo asunge.