Nsagwada ya ku Uraha ikutiuza zotani za chiyambi cha munthu?

M'chaka cha 1991, pa phiri la Uraha kufupi ndi Chilumba m'boma la Karonga, gulu lofufuza lotsogoleredwa ndi Friedemann Schrenk wa ku Germany ndi Timothy Bromage wa ku America linatola nsagwada ya m'munsi yothyoka pawiri, mano akadali m'malo mwake. Anaipatsa nambala yoti UR 501. Mwini nsagwadayi anakhala ndi moyo zaka pafupifupi 2.4 miliyoni zapitazo, ndipo akatswiri amamuika mu mtundu wa Homo rudolfensis, umodzi mwa mitundu yoyambirira ya banja limene ife tilimo.

Zakazo anazidziwa bwanji? Ku Ethiopia ndi ku Kenya amayeza phulusa la mapiri ophulika limene linakwirira mafupa. Dothi la ku Uraha lilibe phulusa loyezeka chotero, choncho ofufuza anadalira nyama zimene zinafera m'dothi lomwelo, makamaka nguluwe. Mano a nguluwe zamakedzana ankasintha maonekedwe pang'onopang'ono, ndipo poyerekeza mano a ku Karonga ndi a kumadera kumene zaka n'zodziwika kale, nthawi ya nsagwadayi inapezeka. N'zochititsa chidwi kuti dzino la nguluwe ndilo likutithandiza kuwerenga zaka za makolo athu.

Mu 1996, ku Malema, kufupi ndi tauni ya Karonga, kunapezekanso chidutswa cha nsagwada ya m'mwamba ya mtundu wina, Paranthropus boisei. Uyu anali ndi mano akumbuyo akuluakulu ngati mphero, ndi minofu yamphamvu yotafunira. Nayenso ankayenda ndi miyendo iwiri, ndipo anakhalako m'nyengo yofanana ndi ya mwini nsagwada ya ku Uraha.

Apa ndi pamene ambiri timasokonezeka. Tinazolowera kumva kuti sayansi imati nyani anasanduka munthu, ndiye wina amafunsa kuti, “Nanga anyani a m'mundamu sakusanduka bwanji?” Funsoli ndi lomveka, koma sayansi sinena zimenezo. Imati ife ndi chimpanzi tinachokera kwa kholo limodzi limene linaliko zaka 6 kapena 7 miliyoni zapitazo, kenaka aliyense analowera kwake. Kumbali yathu kunabadwa mitundu yambiri, ina ikukhala moyandikana monga zinalili ku Karonga. Mtundu wa Paranthropus unatha osasiya mbewu. Mtundu wathu, Homo sapiens, ndi wadzulodzulo: mafupa ake akale kwambiri, a ku Jebel Irhoud ku Morocco, ali ndi zaka pafupifupi 300,000.

Schrenk ndi Bromage sanabwere ku Karonga mwangozi. Mafupa otchuka ankapezeka kum'mawa kwa Africa, monga amene anawatcha Lucy, opezeka ku Ethiopia mu 1974, ndi m'mapanga a ku South Africa, koma pakati pa madera awiriwa panali zii. Iwo anaganiza kuti chigwa cha Nyanja ya Malawi chinali njira yodutsamo nyama ndi anthu akalewo, ndipo anasakasaka kwa zaka zambiri asanapeze nsagwada ija.

Ndimaona kuti nkhaniyi iyenera kumveka kwambiri m'sukulu zathu. Mwana wodziwa dzina la Lucy adziwenso Uraha ndi Malema, ndipo aphunzitsi amene angathe apite ndi ana awo ku Cultural and Museum Centre Karonga, imene inatsegulidwa mu 2004, akaone ndi maso mbiri ya zimene zinafukulidwa m'boma limeneli.