Pulezidenti Akalengeza za Ngozi Yadzidzidzi, Angamuletse Ndani? Phunziro la ku America

Pa 15 Febuluwale 2019, Pulezidenti Donald Trump analengeza kuti dziko la America lili pa ngozi yadzidzidzi m'malire ake ndi Mexico. Apa n'kuti atangokokana kwambiri ndi aphungu pa nkhani ya ndalama zomangira khoma m'malirewo, mpaka ntchito zina za boma zinaima kwa masiku 35. Iye ankafuna madola 5.7 biliyoni, koma aphungu anangovomereza 1.375 biliyoni basi. Tsiku lomwe anasayina bajetiyo, anatulutsanso chilengezo chake chija, ndipo chinamutsegulira njira yopatutsa madola 3.6 biliyoni omwe aphungu anaika padera kuti amangire zinthu za asilikali.

Nyumba zonse ziwiri za malamulo zinavota kuti chilengezocho chithe. Zinavota kawiri m'chaka chomwecho. Koma chilengezocho chinakhalapobe mpaka Januwale 2021, pomwe Joe Biden anachichotsa atangolowa m'boma. Zitheka bwanji kuti aphungu ochuluka akane chinthu, chinthucho n'kupitirirabe? Yankho lake lili m'mene lamulo linalembedwera, makamaka pa funso ili: pakati pa wofuna kuti ngozi ipitirire ndi wofuna kuti ithe, ndani ayenera kusonkhanitsa mavoti?

Kumene mphamvuzi zimachokera

Malamulo aakulu oyendetsera dziko la America, omwe analembedwa mu 1787, alibe gawo lopatsa pulezidenti mphamvu zapadera pa nthawi ya ngozi. Mphamvu yopanga malamulo, yokhometsa misonkho ndi yogawa ndalama za boma anaipereka ku Nyumba ya Malamulo yotchedwa Congress. Nyumbayi ili pawiri: House of Representatives ya aphungu 435, ndi Senate ya masenata 100.

Mphamvu za nthawi ya ngozi zomwe pulezidenti ali nazo lero ndi zobwereka kwa aphungu. Kwa zaka zambiri, Congress yakhala ikulemba m'malamulo osiyanasiyana kuti pulezidenti akalengeza ngozi, atha kuchita zakutizakuti osayamba wapempha chilolezo. Mphamvu zotere zilipo zoposa 120. Zina zimamulola kutseka chuma cha anthu ndi maboma akunja chomwe chili m'mabanki a ku America, zina kuitana asilikali omwe ali pa mndandanda wodikira, zina kupatutsa ndalama zomangira zinthu za asilikali. Chifukwa chake n'chomveka: nkhondo kapena mliri sudikira kuti aphungu akhale pansi ndi kukambirana kwa miyezi.

Vuto linaonekera mu 1973. Komiti yapadera ya Senate, yotsogoleredwa ndi Frank Church wa chipani cha Democratic ndi Charles Mathias wa Republican, inapeza kuti panali ndime za malamulo pafupifupi 470 zopereka mphamvuzi, ndiponso kuti zilengezo zinayi zakale zinali zikugwirabe ntchito. Chimodzi chinali cha Franklin Roosevelt cha mu 1933, pa nthawi yomwe mabanki ankagwa. China chinali cha Harry Truman cha mu 1950, pa nkhondo ya ku Korea. Ziwiri zinali za Richard Nixon, cha 1970 pomwe ogwira ntchito ku positi ofesi ananyanyala ntchito, ndi cha 1971 pa mavuto a ndalama ya dola. Mavuto enieniwo anali atatha kalekale, koma palibe anatseka khomo.

Zomwe lamulo la 1976 limanena

Pofuna kukonza zimenezi, aphungu a zipani zonse anagwirizana pa lamulo lotchedwa National Emergencies Act, lomwe Pulezidenti Gerald Ford anasayina mu Seputembala 1976. Mfundo zake ndi izi. Pulezidenti ayenera kulengeza ngoziyo poyera, kuisindikiza mu gazeti ya boma ya Federal Register ndi kudziwitsa Congress. Ayenera kutchula malamulo enieni omwe akufuna kugwiritsa ntchito. Miyezi isanu ndi umodzi iliyonse ayenera kupereka lipoti la ndalama zomwe zapita ku ngoziyo. Chilengezo chimatha chikakwanitsa chaka chimodzi, pokhapokha pulezidenti atalemba chikalata chochiwonjezera. Ndipo phungu akapereka pempho loti ngoziyo ithe, pempholo limayenda mwachangu: komiti ili ndi masiku 15 okha, kenako nyumba yonse ivote.

Zinthu ziwiri zinatsala zotseguka. Lamuloli silifotokoza kuti ngozi yadzidzidzi ndi chiyani, motero ngozi ndi chilichonse chomwe pulezidenti watchula kuti ndi ngozi. Komanso kuwonjezera chaka china kumangofuna siginecha yake. N'chifukwa chake chilengezo chomwe Jimmy Carter anachita mu Novembala 1979, pomwe anthu a ku America anagwidwa ukapolo ku ofesi ya kazembe ku Tehran, chikugwirabe ntchito, ndipo apulezidenti onse otsatira akhala akuchiwonjezera chaka ndi chaka. Zilango za chuma zomwe America inaika pa atsogoleri a ku Zimbabwe zinatsamiranso pa chilengezo chotere: George W. Bush anachisayina mu Malichi 2003, ndipo chinakhala zaka 21 mpaka Biden anachithetsa mu Malichi 2024.

Olemba lamuloli sanade nkhawa kwambiri ndi mipata imeneyi chifukwa anadzisiyira chida champhamvu. Nyumba ziwirizo zikanatha kuthetsa ngozi iliyonse ndi mavoti ongopitirira theka, popanda siginecha ya pulezidenti.

Mlandu womwe unasintha masamu

Chida chimenecho chinathyoka pa mlandu wosakhudzana n'komwe ndi ngozi. Jagdish Chadha, wobadwira ku Kenya, anapita ku America kukaphunzira ndipo anakhalitsa chiphaso chake chitatha. Woweruza wa zolowa ndi kutuluka m'dziko anamulola kukhala, koma House of Representatives inavota yokha kuti munthuyu athamangitsidwe. Mu 1983 khoti lalikulu la Supreme linagamula kuti aphungu sangasinthe chomwe nthambi ya pulezidenti yachita pongovota okha. Chilichonse chokhala ndi mphamvu ya lamulo chiyenera kudutsa m'nyumba zonse ziwiri ndi kukafika pa tebulo la pulezidenti.

Chigamulochi chinagwetsa ndime zambiri zofanana m'malamulo ena, kuphatikizapo ya lamulo la 1976. Mu 1985 Congress inalikonza kuti ligwirizane ndi chigamulocho. Kuyambira pamenepo, pempho lothetsa ngozi limapita kwa pulezidenti yemweyo amene anailengeza kuti alisayine. Akakana, aphungu ayenera kupeza magawo awiri mwa atatu a mavoti m'nyumba iliyonse kuti amugonjetse. Onse akakhalapo, amenewo ndi mavoti 290 ku House ndi 67 ku Senate. Tinene mwachidule: pulezidenti akakhala ndi masenata 34 okha omuikira kumbuyo, ngozi yake siingathe, ngakhale ena onse 66 ataikana.

Mmene zinayendera mu 2019

Pa 26 Febuluwale 2019, House inavota 245 kwa 182 kuti chilengezo cha khoma chithe, ndipo aphungu 13 a Republican anagwirizana ndi a Democratic. Pa 14 Malichi, Senate, yomwe inali m'manja mwa chipani cha Trump, inavota 59 kwa 41. Masenata 12 a Republican anamutembenukira mtsogoleri wawo, ena mwa iwo akunena kuti khomalo akulifuna, koma sangalole kuti pulezidenti azitenga yekha ndalama zomwe aphungu amukana. Ankachenjezanso anzawo kuti tsiku lina pampandopo padzakhala wa chipani china, ndipo adzagwiritsa ntchito njira yomweyi pa zofuna zake.

M'mawa mwake Trump anakana kusayina, ndipo aka kanali koyamba kuti achite zimenezi pa utsogoleri wake. Pa 26 Malichi House inayesa kumugonjetsa, koma inapeza mavoti 248 kwa 181, osafika pa magawo awiri mwa atatu. Mu Seputembala nyumba zonse zinavotanso chimodzimodzi, iye anakananso, nkhani n'kuthera pomwepo.

Zipani zisinthana malo

Akuluakulu anati chaona mnzako chapita, mawa chili pa iwe. Biden atalowa, a Republican ndi omwe anayamba kudandaula za mphamvu zopyola muyeso. Chilengezo cha mliri wa Covid-19, chomwe Trump anachita pa 13 Malichi 2020, Biden anachiwonjezera, ndipo boma lake linatsamira pa icho pofuna kukhululukira ngongole za ophunzira za madola pafupifupi 400 biliyoni. A Democratic ambiri, omwe mu 2019 ankaikira kumbuyo mphamvu ya aphungu pa ndalama za boma, anaombera m'manja. Mu 2023 House inavota kuti chilengezo cha mliri chithe, Senate inavomereza ndi mavoti 68 kwa 23, ndipo Biden anasayina mu Epulo. Izi zinatheka chifukwa iye mwini anali atanena kale kuti achithetsa mu Meyi.

Mu 2025 zinthu zinatembenukanso. Trump atabwerera pampando, anagwiritsa ntchito lamulo la 1977 la mphamvu za chuma pa nthawi ya ngozi, lomwe amalitchula mwachidule kuti IEEPA, pokhometsa misonkho katundu wolowa m'dziko. Anayamba ndi Canada, Mexico ndi China, kenako pa 2 Epulo anafikira pafupifupi mayiko onse. Lesotho anailengezera msonkho wa 50 peresenti, South Africa 30 peresenti, ndipo Malawi, Zambia, Mozambique ndi Zimbabwe analinso pa mndandandawo. Tsiku lomwelo Senate inavota 51 kwa 48 kuti ngozi yomwe Trump analengeza pokhometsa misonkho katundu wa ku Canada ithe, masenata anayi a Republican atagwirizana ndi a Democratic.

Ku House atsogoleri a Republican anali atatseka kale njira. Popeza lamulo limati pempho livotedwe pakatha masiku owerengeka, iwo anakhazikitsa ndondomeko yonena kuti masiku otsala a msonkhano wa chakacho asawerengedwe ngati masiku pa nkhani ya zilengezozo. Dzuwa linkatuluka ndi kulowa, koma m'mabuku a nyumbayo tsiku silinkatha. Potero aphungu a chipani cholamula anapewa voti yomwe ikanawakakamiza kusankha pakati pa mtsogoleri wawo ndi alimi kapena amalonda a kwawo omwe ankalira ndi misonkhoyo.

Nanga makhoti?

Oweruza sakonda kulowerera pa funso loti ngoziyo ndi yeniyeni kapena ayi. Chomwe amayang'ana n'chakuti kodi lamulo lomwe pulezidenti watchula likumulola kuchita zomwe wachitazo. Mu 1952 Truman analanda mafakitale a zitsulo pofuna kuletsa ogwira ntchito kunyanyala nkhondo ya ku Korea ili mkati, ndipo khoti la Supreme linamukaniza ndi mavoti 6 kwa 3 chifukwa panalibe lamulo lomulola. Mu Juni 2023 linakaniza Biden pa ngongole za ophunzira, mavoti 6 kwa 3. Mu Febuluwale 2026 linagamula, 6 kwa 3, kuti IEEPA sipatsa pulezidenti mphamvu yokhometsa misonkho. Koma mlandu umatenga miyezi kapena zaka, ndipo pofika tsiku la chigamulo ndalama zimakhala zitagwiritsidwa ntchito kapena misonkho itatoleredwa kale.

Chomwe chingasinthe zinthu

Senata Mike Lee wa Republican anapereka bilu mu 2019 yoti chilengezo chilichonse chizitha chokha pakapita masiku 30, pokhapokha Congress itavota kuti chipitirire. Aphungu a zipani zonse akhala akuivomereza mfundoyi, koma siinakhale lamulo. Ubwino wake ndi wakuti ntchito yosonkhanitsa mavoti ikanakhala ya pulezidenti, ndipo aphungu akanangokhala chete, ngozi ikanatha.

Njira imeneyi si yachilendo kwathu. Gawo 45 la malamulo oyendetsera dziko la Malawi a 1994 limati pulezidenti angalengeze ngozi yotere pokhapokha pa nkhondo, chiopsezo cha nkhondo, nkhondo yapachiweniweni kapena tsoka lachilengedwe lokhudza dera lalikulu, ndipo komiti ya Nyumba ya Malamulo yoona za chitetezo iyenera kuvomereza. Chilengezocho sichipitirira masiku 21 pokhapokha magawo awiri mwa atatu a aphungu onse atavota kuchiwonjezera, kwa miyezi yosaposa itatu ulendo uliwonse. Kuno wofuna kuti ngozi ipitirire ndiye amasaka mavoti ochulukawo, pomwe ku America amawasaka ndi wofuna kuti ithe.

Choncho mukamva mtsogoleri wa dziko lililonse akulengeza za ngozi yadzidzidzi, funsani mafunso atatu. Akutsamira pa lamulo liti? Chilengezocho chidzatha liti ngati palibe wachitapo kanthu? Nanga pakufunika mavoti angati kuti chithe? Ndipo phungu wanu mumuyese ndi muyeso umodzi: ngati amakana mphamvu zopyola malire pokhapokha pampando pakakhala wa chipani china, ndiye kuti akuteteza chipani chake, ndipo Nyumba ya Malamulo waisiya yopanda mlonda.