Mchere wa M'misewu Unadya Chasisi ya Tacoma

Makaniko akagona pansi pa galimoto n'kugogoda chasisi ndi nyundo, chitsulo chabwino chimati nge! Chodyeka chimangoti phu, zinyenyeswa zofiirira n'kumuyoyokera kumaso. Eni ambiri a Toyota Tacoma kumpoto kwa America anamva phu ameneyu injini ikadali yamphamvu.

Gwero la vutoli ndi mchere. M'nyengo yozizira, ku Ohio, Michigan ndi New York amamwaza mchere m'misewu kuti madzi oundana asungunuke. Dzimbiri limayamba chitsulo chikakumana ndi madzi komanso mpweya wa okosijeni, koma madzi amchere amadutsitsa magetsi mosavuta, motero chitsulocho chimadyeka mofulumira. Mbali ina ya chasisi ya Tacoma ili ngati bokosi. Matope amchere akalowamo sauma msanga, ndipo dzimbiri limadya chamkati ngati nankafumbwe m'chimanga, kunja penti ili mbee.

Mu 2008 Toyota inayamba kugulanso ma Tacoma owonongeka a 1995 mpaka 2000, pa mtengo woposa wapamsika ndi theka. Eni ake anasekerera. Koma amene anagula a zaka zotsatira anaona zina. Mu 2012 kampaniyi inaitanitsa ma Tacoma pafupifupi 150,000 a 2001 mpaka 2004, chifukwa chogwirira tayala la sipeya chinkadyeka moti tayala likanatha kugwera mumsewu. Kuitanitsako kunakhudza maboma ozizira 20 okha ndi Washington, D.C.; a kwina anangotsala kukamwa yasa.

Nkhani inafika kukhoti. Mu 2016 Toyota inavomera mgwirizano wofika madola 3.4 biliyoni, wokhudza galimoto pafupifupi 1.5 miliyoni za Tacoma, Tundra ndi Sequoia, ngakhale sinavomere kuti inalakwa. Kuti munthu amuikire chasisi yatsopano, panafunika bowo la mamilimita 10 kapena kuposa. Lochepera apo, ena ankangowapopera mankhwala oteteza. Apa madandaulo a eni galimoto ndi omveka, pakuti kupopera pamwamba pa dzimbiri lozama sikubwezera chitsulo chimene chatha kale.

Inu amene mukuitanitsa galimoto yakale kuchokera ku Britain kapena kumpoto kwa Japan, kumenenso amathira mchere m'misewu, musakhutire ndi zithunzi za mipando ndi penti. Pemphani zithunzi za pansi, ndipo ikafika, makaniko alowe ndi tochi ndi nyundo.